Ngwazi ya M'timabokosi: Kulemba ndi Kujambula Nthano za Ziphona



Ndisanalowe muno ndinapempha anyamata awiri a pasukulu pano pa Matandani kuti andionetse makope awo. Masamu sindinawayang'ane. Ndinathamangira kumasamba akumapeto, kuja aphunzitsi safikako kawirikawiri, ndipo ndinapeza zomwe ndimayembekezera: chimunthu cha minofu ngati matumba a mbatatesi, chinsalu chikuuluka kumsana, kumbuyo kwake nyumba zosanja zogunda mitambo. Dzanja la mmodzi wa anyamatawo ndi labwino zedi, aphunzitsi musamulande cholembera. Koma nditamufunsa kuti nyumba zimenezo anaziona kuti, anangoseka. Kuchokera pano kukafika pa Zalewa palibe nyumba yotero. Anajambula zimene anaona pafoni, ndipo phiri limene amaliona m'mawa uliwonse akamatsuka m'maso silinapeze malo papepala lake. Nkhani yanga lero yagona pamenepo.

Tiyambe ndi dzina. Mabuku amene ndikunenawa ena amati makomiki, ena amangoti makatuni. Ndi nthano yokambidwa m'timabokosi ta zithunzi totsatizana, mawu a anthu ali m'timatumba totuluka pakamwa. Nanga munthu wamphamvu zodabwitsa uja timutche chiyani? Mawu oyandikira ndi akuti ngwazi, koma akuluakulu muli muno mukudziwa kuti mawu amenewa kuno kwathu anakhala ndi mwini wake zaka zambiri, moti ukawatchula anthu amaona litchowa ndi chipewa. Tikati chiphona, ndiye kuti tayamikira thupi lokha. Ine ndizisinthasintha mawu awiriwa, inu mudzapeza abwino oposa.

Mtundu wa mabuku a ngwazi zoterezi unabadwa mu 1938 ku America, pamene anyamata awiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula, anatulutsa Superman m'magazini ya Action Comics. Anthu ambiri sadziwa kuti Superman woyambayo sankauluka, ankangodumpha mtunda wautali. Ndipo adani ake sanali zilombo zochokera kunyenyezi ayi. M'nkhani zoyambirira anagwira mwamuna womenya mkazi wake, anaumiriza mwini mgodi kulowa m'dzenje lomwe ankatumizamo antchito ake mopanda chitetezo. Inali nthawi ya umphawi waukulu m'dziko lawo, ndipo anyamatawo analemba za anthu amene ankawakwiyitsa m'mudzi mwawo momwe.

Onani kuti ndatchula anthu awiri. Buku lotere kawirikawiri silituluka m'dzanja limodzi. Wolemba amakonza nkhani n'kufotokoza tsamba lililonse: bokosi loyamba muli zakuti, munthu akunena zakuti. Wojambula amayala zithunzi ndi pensulo. Wina amadutsamo ndi inki. Wina amapaka mitundu. Wina ntchito yake ndi kulemba zilembo zokha m'timatumba tija, ndipo musaiderere, chifukwa akaika kathumba pamalo olakwika, yankho limawerengedwa funso lisanafunsidwe. Ku kampani ya Marvel m'zaka za m'ma 1960, Stan Lee ankangopereka mutu wa nkhani mwachidule, Jack Kirby n'kujambula masamba onse, kenaka Lee n'kuikamo mawu. Mpaka lero anthu akukanganabe kuti mwini nkhani weniweni anali ndani. Awiriwa ndi amene anabweretsa Black Panther mu 1966, mfumu ya dziko lopeka la Wakanda, imene ambiri a inu munaiona mufilimu.

Chinsinsi cha luso limeneli chili pamalo pomwe sipajambulidwa kanthu. Pakati pa bokosi ndi bokosi pamakhala kampata koyera. Jambulani mnyamata atakoka legeni, maso ali m'mwamba mumtengo. M'bokosi lotsatira jambulani nthenga zitatu zikutsika pang'onopang'ono. Palibe pamene mwajambula mwala ukugunda njiwa, koma aliyense wauona. Waponya mwalawo ndi wowerenga, m'mutu mwake. Scott McCloud analemba buku lathunthu lofotokoza zimenezi mu 1993, koma agogo anu ankazidziwa kale. Pokamba nthano amafika pamene Kalulu walowa kuphanga, n'kukhala duu, kusonkheza moto, inu mitima ili m'mwamba. Kuchedwa kuja ndiye kampata koyera. Wojambula wongoyamba amafuna kuonetsa chilichonse, motero tsamba lake limadzaza ngati minibasi ya tsiku la msika, wowerenga n'kusowa popumira.

Bokosi limalamulanso nthawi. Timabokosi tating'ono tambiri timathamangitsa diso. Bokosi limodzi lalikulu limaliimitsa. Ndiye pali nkhani ya kutembenuza tsamba. Chodzidzimutsa usachiike patsamba la kudzanja lamanja, pakuti diso limaba, lidzachiona nthawi isanakwane. Chibise kuseri, munthu achipeze atatembenuza yekha.

Tsopano za mabuku atsopano. Makampani akuluakulu awiri, DC ndi Marvel, akhala akugulitsa ngwazi zomwezomwezo kwa zaka zoposa 60, zina zoposa 80, ndipo owerenga anayamba kutopa. Taonani zimene anachita posachedwapa. Mu Okutobala 2024, Scott Snyder ndi Nick Dragotta anatulutsa Absolute Batman. Batman wakale ndi mpondamatiki wokhala m'chinyumba cha makolo, wantchito akumuperekera tiyi. Uyu anamulanda zonsezo. Ndi mwana wa mphunzitsi, amagwira ntchito ya uinjiniya mumzinda, anakula ndi anzake a m'makwalala. Dragotta sanadikire kuti mawu atiuze zimenezi. Anamujambula wamkulu ngati chitseko cha nkhokwe, thupi la munthu wonyamula zitsulo, ndipo chizindikiro cha pachifuwa pake amachizula n'kusanduka nkhwangwa. Ukangomuona wadziwa kale kuti uyu zida zake amasula yekha. Chaka chomwecho, mu Januwale, Jonathan Hickman ndi Marco Checchetto anayambitsanso Ultimate Spider-Man. Mmenemo Peter Parker, yemwe ndiye Spider-Man, si mwana wasukulu. Ndi bambo wa ana awiri amene mphamvu zamupeza atakula kale. Masamba ena abwino kwambiri m'bukumo ndi a anthu atakhala patebulo akudya, palibe womenyana.

Ine sindikonda zonse za m'mabuku amenewa. Ena magazi amachuluka mopanda chifukwa, ena amafuna kuti ugule mabuku khumi kuti umve nkhani imodzi. Koma phunziro lake ndalitola: ngakhale eni ake a ngwazizi aona kuti mphamvu payokha siikoka munthu. Chokoka ndi kumene ngwaziyo imagona, chimene imadya, ndi amene imamuopa kunyumba.

Kuno ku Africa nkhaniyi ili ndi mbiri yake, ndipo ina ndi yowawa. Mu 1975 ku Nigeria kunatuluka Powerman, ngwazi yakuda, koma ojambula ake, Dave Gibbons ndi Brian Bolland, anali ku Britain. M'zaka zomwezo ku South Africa kunali Mighty Man, chiphona cha m'malokeshoni chomenya atsotsi ndi ogulitsa chamba. Pambuyo pake zinaululika kuti ndalama zake zinkachokera mobisa ku boma la tsankho. N'chifukwa chake chiphonacho chinkatha kugwetsa zigawenga khumi koma sichinafunsepo n'kamodzi komwe za chitupa chimene wakuda aliyense ankakakamizidwa kuyenda nacho. Ana a ku Soweto ataukira mu 1976, bukulo silinakhalitse. Mukamawerenga ngwazi iliyonse, muziona amene ikumenya, komanso muziona amene ikumulambalala.

Zaka zaposachedwapa zinthu zasintha. Ku Lagos, Jide Martin anayambitsa Comic Republic mu 2013. Roye Okupe, wa ku Nigeria komweko, analemba E.X.O., Malika ndi Iyanu. Ku South Africa, Loyiso Mkize, amene anaphunzira ntchito pojambula Supa Strikas ya mpira ija, anatulutsa Kwezi mu 2014: mnyamata wa zaka 19 wodzikonda, amene poyamba mphamvu zake amangofuna kutchukira nazo pa intaneti. Ndipo pafupi pompano, kwa abale athu a ku Zambia, mayi Malenga Mulendema anapeka Supa Team 4, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Imeneyo ndi katuni yoyenda, si buku, koma ndaitchula dala. Ngwazi zake ndi atsikana anayi asukulu a mu Lusaka, owatsogolera ndi mayi wachikulire, ndipo ngakhale kuthimathima kwa magetsi kuli m'nkhanimo. Munthu wa kuno akaonera amati, awa ndi anthu a kwathu.

Nanga ife? Musaganize kuti tikuyamba pa thengo losalimidwa. Makolo muli muno munakula mukuseka Pewani ndi Zabweka za Brian Hara mu Malawi News, ena mukukumbuka Joza wa Vic Kasinja. M'masukulu munafika timabuku ta Sara ta bungwe la UNICEF, mtsikana uja wa kanyani kake Zingo. Ndipo mishoni ino, imene yakhala pano kuyambira 1908, yaphunzitsa ana ndi zithunzi kwa mibadwo: zithunzi zazikulu zopachika za ku Sukulu ya Sabata, Davide ndi mwala wake, Samisoni ndi mizati, Danieli pakati pa mikango. Mphunzitsi ankatembenuza pepala, ana n'kuti haa. Kuwerenga nthano m'zithunzi tinakuphunzira kalekale. Chimene chatichepera ndi nthano zazitali za ngwazi zolembedwa ndi ife, m'Chichewa.

Komatu ngwazi tili nazo. Ganizirani Kalikalanje. Mmene ndinaimvera ine nthanoyo, mayi ake anamulonjeza kwa fisi iye ali m'mimba, ndipo mwanayo anabadwa akudziwa kale chiwembucho. Fisi akabwera kudzafunsa kuti Kalikalanje ndi uti, anyamata onse pabwalo amayankha kuti ndine. Taonani zimene zili m'nthano imeneyi: kubadwa kodabwitsa, mdani wosatopa, kubisa dzina, ndi bala la mumtima loposa la Batman, pakuti womupereka ndi mayi wake womubala. Wolemba wa ku New York atapatsidwa zimenezi akhoza kudya nazo zaka makumi awiri. Ife tazisiya pamoto wa agogo, ndipo agogowo akutha.

Pali chuma china chimene Chichewa chili nacho, choti ojambula a Chingerezi amachita kuvutikira kupeka. Iwo akafuna phokoso la nkhonya kapena la kugwa amapanga timawu tawo n'kutilemba ndi zilembo zazikulu. Ife tili ndi mvekero, nkhokwe yathunthu. Munthu akagwa timati khu, thumba likagwa timati phi, mwala ukalowa m'dziwe ndi chubwi, mvula ndi waa. Ndipo mvekero wathu supereka phokoso lokha. Uli ndi mtundu: bii, mbee, psuu. Uli ndi kaimidwe: njo. Uli ndi kudzidzimuka: balamanthu. Uli ngakhale ndi mawu a kusowa kwa mawu: zii, kakasi. Tangoganizani bokosi lalikulu, mudzi wonse uli pabwalo, palibe kathumba ka mawu ngakhale kamodzi, pakona pokha palembedwa tizilembo tating'ono: zii. Ndiye ndikaona mwana wa ku Neno akulemba phokoso la Chingerezi pamwamba pa nkhonya ya ngwazi yake, ndimamva ngati ndaona munthu wa kuno akukagula manachesi ku Blantyre.

Koma chinenero chathu chili ndi vuto lakenso patsamba. Mawu athu ndi aatali. Tengani akuti "sindidzakusiyaninso": zilembo 19, mawu amodzi, osathyoka bwino. Mukaika atatu otere m'kathumba, nkhope ya wolankhulayo yakwiririka. Choncho lembani mawu poyamba, kenaka muzunguze kathumba, chithunzi chibwere pomalizira m'malo otsalawo. Ambiri amachita mosemphanitsa n'kumapanikiza zilembo ngati nyemba m'botolo. Ndipo vutoli lili ndi phindu lake, chifukwa limakukakamiza kufunsa ngati mawuwo akufunikadi. Ngati chithunzi chikuonetsa mayi akulira, musalembenso kuti mayi analira.

Kalankhulidwe nakonso ndi chida. Tiyerekeze kuti ngwazi yanu ndi mtsikana wovala chigoba, ndipo wagwira munthu akudula mitengo ya makala usiku m'nkhalango yoletsedwa. Atamuunika, wapeza kuti ndi amalume ake, amene amamulipirira fizi ndi ndalama za makala omwewo. Anena kuti "iwe" kapena "inu"? Akati "inu amalume", wadziulula. Akati "iwe", lilime limulemera, ndipo mawa m'mawa ayenera kugwada powapatsa madzi osamba. Kabokosi kamodzi ka kukayika kumeneko kali ndi mphamvu kuposa masamba asanu a nkhonya. Ndiponso za chigobazi, tiyeni tinene zoona: mumzinda wa anthu mamiliyoni chigoba chimabisa munthu, koma kuno azakhali ako amakuzindikira ndi kayendedwe uli kutsidya kwa dambo. Wolemba wochenjera saithawa nkhani imeneyi. Mwina mudzi wonse ukudziwa, koma wapangana kusadziwa. Ife amene tinakulira pafupi ndi dambwe tikudziwa kuti mudzi umatha kusunga chinsinsi chotero.

Tsopano ndilankhule motsitsa mawu. Ku America munthu akauluka m'buku, ana amaombera m'manja. Kuno munthu wouluka usiku ali ndi dzina lina, ndipo dzinalo limapha. Inu a boma lino simufunika kukumbutsidwa za Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Choncho amene akulemba za mphamvu zodabwitsa kuno wanyamula moto m'manja. Mukajambula mdani wanu ngati gogo wamakwinya, wamaso ofiira, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, dziwani kuti mwana wowerengayo ali ndi gogo wotero pafupi ndi kwawo. Chimodzimodzi mukajambula munthu wachialubino ngati wamatsenga, m'dziko limene abale athuwa akhala akusakidwa ngati nyama. Sindikuti musalembe zoopsa. Napolo alipo, ndipo amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023 sangakane kuti ndi mdani wokwana buku lonse. Koma muziganiza kawiri za nkhope imene mukuipatsa choipa. Ine ndikanakonda kuwerenga buku limene gogo uja ndiye ngwazi, kapena limene ngwazi yaima pakhomo pake gulu likubwera ndi zibonga.

Ndipangeko tsamba limodzi pompano kuti muone mmene wolemba amalankhulira ndi wojambula. Bokosi loyamba, lalitali kudutsa tsamba lonse: msewu wathu uno nthawi ya dzinja, matope psuu, lole ya mbatatesi yatitimira mpaka m'chuuno. Lachiwiri, laling'ono: kumbuyo kwa lole kuli ambulansi, dalaivala wagwira mutu. Lachitatu: dzanja la mayi woyembekezera lafinya chitenje, nkhope yake osaionetsa. Lachinayi: mapazi a mtsikana, opanda nsapato, akutsitsa mtolo wa nkhuni. Lachisanu: amuna amene amakankha lole aja atembenuka, mmodzi akuti, "Choka apa mwana iwe." Tsamba latha. Wowerenga atembenuze yekha.

Mwaona kuti m'tsamba lonselo muli mawu anayi okha. Mwaonanso kuti wojambula sangalijambule ngati sanayang'anitsitsepo matope: mmene amamatirira kutayala, mmene munthu amapindira thalauza, mmene thumba la mbatatesi limasokedwera pakamwa, mmene khosi la mtsikana limaimira akasenza. Zimenezi pafoni mulibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani kope, mukakhale pamsika, mujambule manja a mayi wogulitsa tomato maulendo makumi awiri. Manja ndi mapazi ndiwo amaulula wojambula waulesi, n'chifukwa chake anthu a m'makope mwanu onse aika manja m'matumba kapena aima mu udzu. Ndakuonani.

Ndipo wolemba ayenera kuyankha funso limene tsamba lija lasiya: mtsikanayu akanyamula lole, alipira chiyani? Samisoni anali ndi tsitsi lake, Superman ali ndi mwala umene umamufooketsa. Mwina uyu akagwiritsa ntchito mphamvu amamva njala ya anthu khumi, m'nyumba imene ufa ukuyezedwa ndi kambale mwezi wa Febuluwale. Pamenepo ndiye kuti mwapeza nkhani, chifukwa kupulumutsa mlendo pamsewu kukutanthauza kuti adzimlongo ake agona ndi njala.

Za zipangizo musadandaule nazo kwambiri. Mapepala awiri a A4 mukawapinda pakati amakupatsani masamba asanu ndi atatu, ndipo n'chifukwa chake masamba a kabuku kotere amayenda anayianayi. Pensulo, cholembera chakuda, rula, basi. Makina a fotokope sakonda mthunzi wa pensulo, amausandutsa utsi. Mthunzi muziupanga ndi timizere ta inki kapena kudetsa bii. Siyani mpata m'mphepete, makina amadya m'mbali. Ngati mukufuna kuti anthu akawerenge pa WhatsApp, zilembo zikhale zazikulu ndipo mabokosi atsike pansi motsatizana, pakuti foni ndi yopapatiza. Yambani ndi nkhani ya masamba asanu ndi atatu imene ili ndi mathero. Ndakumana ndi anyamata ambiri amene ali ndi mayina a ngwazi makumi atatu, mayunifolomu ake, mbiri ya dziko lake, koma tsamba lomalizidwa alibe ngakhale limodzi.

Chotsiriza ndi cha mapepala ena, a mgwirizano. Siegel ndi Shuster aja anagulitsa Superman pa madola 130. Kampani inapanga naye mamiliyoni, iwo n'kukalamba movutika, Shuster maso atafooka, mpaka m'ma 1970 pamene anthu anachita phokoso kampaniyo n'kuyamba kuwapatsa kangachepe chaka ndi chaka. Bill Finger, amene anathandiza Bob Kane kupanga Batman, dzina lake linayamba kulembedwa pambali pa la Kane mu 2015, iye atamwalira kale mu 1974. Choncho inu awiri, wolemba ndi wojambula, mukadali pa ubwenzi wogawana chimanga chokazinga, lembani papepala kuti ngwaziyi ndi ya nonse, aliyense asaine, mphunzitsi achitire umboni. Mayina onse awiri akhale pachikuto. Bungwe la COSOMA lilipo kuti liteteze ntchito za aluso, ndipo zojambula zili m'gulu lomwelo. Akadzabwera a bungwe lina kudzapempha kuti ngwazi yanu iwathandize kuphunzitsa za katemera kapena za mitengo, landirani, ndi ntchito yabwino, koma muwabwereke, musawagulitse.

Aphunzitsi aakulu, ndabwera ndi mapepala m'chikwamamu, ndipo ndikupempha theka la ola. Khalani awiriawiri, wina wolemba, wina wojambula. Lole ija ikadali m'matope, ambulansi ikudikira, ndipo mtsikana watula kale nkhuni zake. Tsamba lachiwiri ndi lanu. Mnyamata wa nyumba zosanja uja, iwe ukhale pafupi ndi zenera, kumene phiri likuonekera.